Zotsukira galimoto: wongoyamba kumene agule chiyani kuno ku Moatize?

Mnyamata_Moatize:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Galimoto ndi yakuda, imagona panja, ndipo kukacha imakhala itakutidwa ndi fumbi la malasha. M'masitolo a ku Tete mabotolo ndi mbwee. Zoyambira ndi ziti? Nanga Omo ali ndi vuto?

Malume_Matundo:
Aphwanga, Omo musiyireni zovala. Ndi waukali, amachotsa wax yoteteza penti, ndipo timibulu take tosasungunuka timakanda. Sopo wotsukira mbale nayenso amadya wax.

Gulani shampu wa galimoto, ndowa ziwiri za malita 10, glovu ya microfibre (nsalu yofewa ya timaulusi ting'onoting'ono), nsalu za microfibre zinayi, ndi bulashi ya matayala. Basi. Shampu wambiri amafuna pafupifupi 30 ml mu ndowa imodzi, koma werengani pabotolo. Mukachulutsa, amasiya mizere.

Chachikulu ndi ichi: musakhudze penti fumbi lisanachoke. Fumbi la kwanuko limasakanikirana ndi mchenga wa mumsewu, ndiye mukalipukuta louma zili ngati mukupala ndi sandipepa. Pagalimoto yakuda mudzaona timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude dzuwa likawomba pa boneti. Yambani mwathira madzi ambiri kuchokera padenga kutsika. Ndowa imodzi ya sopo, inayo ya madzi okha. Mukatsuka chitseko chimodzi, tsukuluzani glovu m'madzi okhawo musanaiviikenso m'sopo. Mukatha muyang'ane pansi pa ndowayo, mupeza matope akuda amene akanabwerera papenti. Siponji wamba sindimulimbikitsa, amasunga mchenga pamwamba pake.

Mayi_a_Ulongwe:
Ndiwonjezere za nthawi. Kutentha kwa ku Tete mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, sopo amaumira pagalimoto musanafike n'kumbuyo komwe. Tsukani m'mamawa kapena chakumadzulo, pamthunzi. Ikani dzanja pa boneti, ikakhala yotentha dikirani.

Ngati madzi anu ndi a pamjigo, pukutani msanga ndi nsalu youma, chifukwa akauma okha amasiya madontho oyera a mchere. Akagwira pagalasi, sakanizani viniga woyera ndi madzi muyezo wofanana, pakani, kenako tsukuluzani. Kwathu kuno ku Angónia vuto ndi matope a nthawi ya dzinja omata kunsi kwa madigadi. Amasunga chinyezi, dzimbiri limayambira pomwepo.

Mnyamata_Moatize:
Zikomo amayi. Nanga polishi ndi wax si chinthu chimodzi?

Malume_Matundo:
Ayi. Polishi amapala pang'ono pamwamba pa penti kuti timizere tichepe, wax imangovindikira ndi kuteteza. Mashini opolishira musagule panopa, m'manja mwa wophunzira amawotcha penti m'makona. Pa dzuwa lathuli, sealant (mankhwala opangidwa m'fakitale oteteza penti ngati wax) imakhalitsa kuposa wax yachilengedwe ya carnauba. Pakani mopyapyala, chigawo chimodzi chimodzi, ikachita mbuu mupukute. Madzi akasiya kupanga timadontho tozungulira papenti, nthawi yopakanso yakwana.

Ngati magalasi ali ndi tinti yomata, pewani mankhwala okhala ndi ammonia, amaiwononga. Mafuta onyezimiritsa dashibodi amakoka fumbi ndipo amathobwa m'maso masana, nsalu yonyowa pang'ono ikwanira.

Mayi_a_Ulongwe:
Nsalu yopukutira malimu (zitsulo za matayala) isadzakhudze penti, muli tizitsulo ta mabuleki. Gulani ya mtundu wina kuti musasokoneze. Pochapa nsaluzo musathire mankhwala ofewetsa zovala, zimasiya kumwa madzi. Ndipo ikagwa pansi, itengeni ikachapidwe kaye.