Kamakina kotsata maso kaja, sikaononga maso a mwana?

Mayi_wa_Chilomoni:
Abale ndithandizeni. Mwana wanga wa zaka 9 salankhula ndipo manja sagwira bwino, ndiye achimwene anga ku Joni akufuna amugulire kamakina kotsata maso ka Tobii komata pansi pa sikirini ya kompyuta kuti azisankha mawu poyang'ana basi. Koma ndamva kuti kamawalitsa kuwala m'maso nthawi yonse, mtima wanga suli m'malo, sikamupweteka?

Kondwa_Ndix:
Mayi musadandaule kwambiri. Kuwala kwake ndi infrared, kosaoneka ndi maso, kofanana ndi ka rimoti ya TV kaja, kofooka ndithu. Kamera imaona kamwana ka diso ndi kadontho konyezimira pagalasi la diso, nkuwerengera pomwe akuyang'ana, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kamakinako sikamukhudza nkomwe. Pogula aone ngati kanayesedwa pa muyezo wa IEC 62471, ndi wa chitetezo cha maso ku nyali zotere.

AuntNdirande:
Ine wanga amagwiritsa ntchito, poyamba amatsata timadontho pa sikirini kuti makina amuzolowere, amakhala pafupifupi masentimita 60 kuchokera pa kompyuta. Pakhonde masana sikagwira bwino chifukwa cha dzuwa, ndiye timakhala mkati makatani otseka. Chomwe ndinaona ndi kutopa, maso amafiira akaiwala kuphethira, timapumira kaye. Tsiku lomwe anasankha yekha mawu oti madzi ndinalira ine.

Kondwa_Ndix:
Koma ngati amagwa khunyu, kaonaneni kaye ndi adokotala ku Queens musanayambe, ana ena kuthwanima kumawadzutsira matendawo.

Mayi_wa_Chilomoni:
Khunyu anali nayo ali khanda. Lolemba ndipita kukafunsa, zikomo achemwali ndi inu achimwene.