Mwana wanga akuti kulibe Mulungu, ndipo ndikuopera moyo wake

Moni nonse. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ndi ya m'banja. Ndine mayi wa ana atatu, wachisamba ali ndi zaka 22 ndipo akuphunzira fizikisi ku yunivesite. Patchuthi chapitachi anandikhazika pansi n'kundiuza kuti sakhulupiriranso kuti kuli Mulungu. Sanakuwe, sananyoze aliyense, ananena modekha ngati munthu amene akudandaula kuti nsapato yam'thina. Ine ndinangoti kakasi.

Zoti wasiya kupemphera zikundiwawa, koma chondisowetsa tulo ndi china. Munthu amene akuti tikafa zathera pomwepo, moyo wake angauone kuti ndi wamtengo? Bambo ake anatisiya chaka chatha. Ndikuopa kuti tsiku lina zikadzam'thina adzangoti palibe chokhalira. Nkhani zake nazonso ndi nyenyezi zokhazokha, akuti chilengedwe chili ndi zaka 13.8 biliyoni. Nditam'funsa kuti zimenezo zidzathandiza ndani anangomwetulira. Ndigawireniko nzeru, ndiyankhule naye bwanji?

Bambo wina: Mayi, musam'nyengerere. Maphunziro amenewa ndi omwe akutiwonongera ana. Mulandeni mabukuwo, inu mugwade pansi.

Mphunzitsi wa sayansi: Bambo mwayankha pamwambapa, mabuku alibe mlandu. Ine ndimapemphera ndipo fizikisi ndaphunzitsa zaka zambiri. Munthu amene anawerengetsa masamu mu 1927 n'kunena kuti chilengedwe chikufutukuka anali Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium. Mu 1929 Edwin Hubble anasonyeza kuti milalang'amba, yomwe ndi magulu akuluakulu a nyenyezi, ikamakhala kutali kwambiri, ndi pamenenso ikuthawa mwaliwiro. Kenaka Arno Penzias ndi Robert Wilson anavutika ndi kaphokoso kosatha m'makina awo a wailesi, mpaka anachotsamo zitosi za nkhunda poganiza kuti vuto ndi limenelo. Kaphokosoko sikanathe, ndipo mu 1965 kanadziwika kuti ndi kutentha kotsalira kwa pamene chilengedwe chinali chakhanda.

Tsono mayi, pa funso lanu loti zidzathandiza ndani, yang'anani foni muli nayo m'manjayo. Albert Einstein polemba za nthawi ndi mphamvu yokoka zinthu mu 1905 ndi 1915, sankaganizako za foni. Koma mawotchi a m'masetilaiti a GPS, othandiza foni kudziwa pamene muli, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, amatsogola pang'ono tsiku lililonse poyerekeza ndi athu pansi pano. Akanapanda kuwakonza ndi masamu a Einstein, mapu a pafoni bwenzi akusochera ndi makilomita ngati 10 pa tsiku. Mafunso ooneka opanda pake ndi amene amabala mochedwa. Komabe mwanayo sakuphunzira chifukwa cha GPS, akungofuna kudziwa kumene tinachokera, ndipo ludzu limenelo nanunso muli nalo.

Mtsikana wosakhulupirira: Amayi, ndiloleni ndiyankhe ngati mwana wanu, chifukwa ndili ngati iyeyo. Anthu amaganiza kuti ife timadzuka m'mawa n'kumati zonse n'zachabe. Kwa ine zinatembenuka. Ndikadziwa kuti madzi ali mumtsuko ndi okhawo, sinditaya ngakhale dontho. Ndinasiya kusunga chakukhosi kwa zaka, chifukwa sindiyembekezera malo ena kumene ndidzakapepese. Ndikaona munthu akuzunzika sindinena kuti adzapuma kutsogolo, ndimaona kuti womuthandiza ndine, lero lomwe.

Nyenyezizo zimandigwira mtima chifukwa si nkhani yakutali. Ayironi amene ali m'magazi mwanu ndi kashiamu wa m'mafupa mwanu zinapangika m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lathu lisanabadwe. Panadutsa zaka mabiliyoni kuti fumbi limenelo lidzakhale mayi wodera nkhawa mwana wake. Mufunseni akuonetseni chithunzi chimene chombo cha Voyager 1 chinajambula pa 14 February 1990 chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 6 biliyoni. Dziko lonse likuoneka ngati kadontho. Ena akachiona amati ndife achabechabe. Ine ndimaona kuti aliyense amene ndimam'konda ali pa kadontho kameneko, ndiye sindingakaseweretse.

Sindikunamizeni, imfa imatiwawa kwambiri chifukwa tilibe mawu akuti tidzaonananso. Chimenecho chokha ndimakusirirani okhulupiriranu.

Namwino: Musasakanize zinthu ziwiri mayi. Kusakhulupirira si matenda, koma kuvutika maganizo ndi matenda, ndipo kumagwira opemphera ndi osapemphera omwe, makamaka munthu akaferedwa. Onani ngati akudzipatula, sakugona, wasiya zimene ankazikonda, kapena akuti ndi mtolo kwa ena. Mukakayikira m'funseni mosapsatira ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Akavomera, pitani naye kwa adokotala. Koma mwana amene amasangalala akamakamba za nyenyezi sakundiopsa.

Bambo wina: Nanga popanda Mulungu, chom'letsa kuba ndi chiyani?

Mtsikana wosakhulupirira: Bambo, nkhope ya munthu amene ndingam'bereyo. Inuyo mukadzuka mawa chikhulupiriro chitachoka, mungayambe kuba? Sindikuganiza choncho.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Anamwino, ndam'funsa dzulo pafoni, mawu akunjenjemera. Wati ayi, sanaganizepo. Kenaka wandikumbutsa chimene ndinachiona ndi maso koma osachimvetsa. Bambo ake ali m'chipatala, iye ndi amene ankagona pampando usiku uliwonse, kuwatembenuza ndi kuwasambitsa, ena tonse titatopa. Wati ankadziwa kuti kwa iye masiku amenewo ndiwo omaliza, ndiye sanafune kuphonya ndi limodzi lomwe. Ndalira.

Sindinasinthe maganizo, ndikukhulupirirabe kuti bambo ake ndidzawaona, ndipo ndamuuza kuti sindisiya kum'pempherera. Wati palibe vuto, bola nanenso ndilole andionetse chithunzi cha kadontho chija akabwera. Chatsala n'chimodzi: ang'ono ake awiri sakudziwa kanthu. Ndiwauze ine, kapena ndim'siye awauze yekha?