Waya akutentha, inverter ikulira: ndigule batire kapena ndisinthe waya?

Akuluakulu odziwa zamagetsi, ndithandizeni ndisanataye ndalama pachabe. Ndili ndi kababashopu ndipo ndimatchajanso mafoni a anthu. Magetsi a ESCOM sanafike kudera lathu, ndiye ndimadalira sola, batire la 12V 100Ah ndi inverter (kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM) ya 500W. Ku inverter ndimalumikizako TV, mashini awiri ometera ndi matchaja a mafoni.

Dzuwa likangopendeka, inverter imayamba kulira ngati batire latha, makasitomala ali pamzere. Komanso waya wochoka pa batire kupita ku inverter amatentha, mpaka pulasitiki yake imafewa ukaitsina. Wogulitsa zipangizo akuti batire lafa, ndigule lina. Mtima wanga ukukana, chifukwa batire silinakalambe.

Mnzanga anandibwereka mita yoyezera magetsi, yopanira pa waya, ndipo ndinayeza zonse zili zoyaka. Pamitu ya batire ndapeza 12.4V. Pomwe waya akulowera mu inverter ndapeza 11.2V. Mita yopanira pa waya ija yaonetsa 20A. Wayayo ndi wa 1.5mm², uja timayikira mababu m'nyumba, ndipo kuchoka pa batire kufika pa inverter ndi mamita 2.5.

Ndakumbukira zija tinkaphunzira ku sekondale, kuti resistance (mmene waya amatchingira magetsi, yoyezedwa mu ma ohm) ndi ma volt kugawa ndi ma amp, ndipo ma watt ndi ma volt kuchulukitsa ndi ma amp. Ndiye 1.2V yasowa panjira ija ndikaigawa ndi 20A ikundipatsa 0.06 ohm. Ndikachulukitsa 1.2 ndi 20 ndikupeza 24W. Kodi ndiye kuti 24W ikungothera m'waya? Chikundizunguza mutu n'chakuti waya yemweyu kwa achimwene anga ku Zomba amayatsa nyumba yonse osatentha. Kwa ine walakwa chiyani?

Wokonza magetsi wina anayankha:

Achimwene, masamu anuwo ali bwinobwino, musagule batire kaye. Waya wa kopa wa 1.5mm² amakhala ndi pafupifupi 0.012 ohm pa mita iliyonse. Magetsi amapita ndi waya wofiira n'kubwerera ndi wakuda, ndiye mamita anu si 2.5 koma 5. Chulukitsani 5 ndi 0.012, mupeza 0.06 yomwe mwapezayo. Mita yanu sinakunamizeni.

Za ku Zomba zili chonchi. Inverter yanu ikulandira 11.2 kuchulukitsa 20, yomwe ndi 224W. Katundu wa 224W pa magetsi a 230V, ngati a ESCOM a m'nyumba, safuna ngakhale 1A yathunthu. Katundu yemweyo pa 12V akufuna 20A. Chotenthetsa waya ndi ma amp, osati ma volt, ndipo kutenthako kumawerengedwa motere: ma amp kuchulukitsa ndi ma amp omwewo, kenako ndi resistance. Kwa inu ndi 20 × 20 × 0.06, ndiye 24W ija. Tsiku lomwe mudzawonjezere katundu mpaka 40A sizidzakhala 48W ayi, zidzakhala 96W m'kawaya kameneka. Pamenepo ndi moto, ndipo sindikunena mokuopsezani chabe.

Kulirako n'chifukwa inverter imaona ma volt omwe afika pakhomo pake, siidziwa zomwe zili m'batire. Madzulo batire likatsika kufika 11.9V, iyo ikuona 10.7V, ndipo ma inverter ambiri a 12V amayamba kudandaula cha pamenepo.

Mayi wina anayankha:

Bambo, mita yopanirayo mwaonetsetsa kuti imayeza DC, magetsi a batire? Zambiri zotchipa zimangoyeza ma amp a AC, magetsi ngati a ESCOM, basi. Komanso musayerekeze kudutsitsa 20A mu multimeter wamba, ambiri amalekezera pa 10A, mupsereza fyuzi yake.

Wofunsa:

Zikomo amayi. Ili ndi polemba DC, ndipo ndinayamba ndaibwezera pa zero ndisanapanire. Ndinayesanso kuyeza waya yekha pa ohm, koma manambala amangovinavina, mwina 0.3, mwina 0.5. Ndikhulupirire iti? Nanga abwana mwayankha poyamba, ndigule waya wa saizi yanji?

Wokonza magetsi uja:

Ya 0.3 ija itayeni. Zingwe za mita zili ndi resistance yawoyawo yoposa ya waya mukuyezayo. Njira mwachita yoyeza ma volt mbali ziwiri katundu ali woyaka ndiyo yodalirika.

Inverter ya 500W ikadzaza imakoka 45A mpaka 50A pa batire, ndiye werengerani pamenepo, osati pa 20A ya lero. Gulani wa 10mm², ngati thumba likulola wa 16mm², ndipo sunthani inverter ikhale pafupi ndi batire, mita imodzi yakwana, bola pakhale popita mpweya. Wa 10mm² ali ndi pafupifupi 0.0018 ohm pa mita. Ngakhale mutasiya mamita 5 omwewo, pa 20A mutaya 0.18V yokha ndi 3.6W. Onetsetsani kuti ndi kopa weniweni, chifukwa pamsika pali wa aluminiyamu wongokutidwa kopa. Mukamupala ndi mpeni amayera mkati. Mitu ya batire muipale ichoke zoyerayera zija, mumange ndi ma lug (tizitsulo tomangira kunsonga kwa waya) ndi bawuti, osati kungopotokola waya. Ndipo ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi batire.

Mukasintha, yezaninso madzulo mbali zonse ziwiri. Ngati pamitu ya batire penipeni ma volt akugwa msanga katundu akangoyaka, pamenepo ndiye tikambe za batire. Mutiuze manambala mupezewo.