Mphasa yokonzerapo mfuti za paintball: ndisindikizepo chiyani, ndipo pa nsalu yanji?

Wa ku Bembeke

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa ntchito yosindikiza komanso kwa amisiri a zida zoyendera mpweya. Ine ndi anzanga tili ndi bwalo laling'ono la masewera a paintball (owomberana ndi timipira ta penti) m'munda wa mitengo ya paini kuno ku Bembeke, ndipo amene amabwera kwambiri ndi magulu ochokera ku Lilongwe Loweruka ndi Lamlungu. Mfuti zathu zonse ndi za Tippmann 98 Custom zoyendera mpweya wa CO2, zomwe tinagula zitagwirapo kale ntchito. Lolemba lililonse anyamata awiri amazimasula, kupukuta penti amene watsalira m'kati, kuthira mafuta ndi kuzimanganso. Vuto ndi lakuti ntchitoyi amagwirira pa tebulo la matabwa lokhala ndi mipata, ndipo kasipuling'i kapena kamphete ka labala kakagwera m'fumbi sikaonekanso, pamene zipangizo zimenezi sizipezeka m'sitolo za pa boma, timachita kuitanitsa ku Joni.

Ndaona pa intaneti mphasa za labala za kampani ya TekMat zojambulidwa ziwalo zonse za mfuti, ndipo ndikufuna kupangitsa yathuyathu. Maganizo anga ndi akuti ikhale yakuda, yotalika mita imodzi, chizindikiro cha bwalo lathu chikhale pakati, ndipo m'mbali mukhale chithunzi cha ziwalo chomwe chili m'buku la mfutizi. Kodi ndisindikize pa chiyani, ndipo ndi zinthu ziti zoyenera kukhalapo?

Wosindikiza wa pa Ntcheu

Bambo, ndiyambe ndi kukuletsani zinthu ziwiri zomwe mwaganiza, mtundu wakuda ndi kutalika kwa mita imodzi.

Mukapita kwa ambiri a ife osindikiza, choyamba tidzakuonetsani pulasitiki ya PVC yomwe timasindikizapo zikwangwani za misonkhano ndi maukwati, chifukwa ndi yotchipa ndipo imatuluka tsiku lomwelo. Pa ntchito yanuyi siyabwino: ndi yoterera, choncho mabawuti amagubuduka mpaka kugwa, ndipo inki yake imakhala pamwamba, moti mukamaipukuta ndi mafuta mlungu ndi mlungu malemba amayamba kufufutika. Chimene mukufuna ndi nsalu ya polyester yomatidwa pa labala, yofanana ndi kamphasa koyendetserapo mausi ya kompyuta, yosindikizidwa m'njira ya sublimation. M'njira imeneyi chithunzi chimayamba chasindikizidwa pa pepala lapadera, kenaka chimakanikizidwa pa nsaluyo ndi makina otentha pafupifupi madigiri 200, ndipo inki imasanduka nthunzi n'kulowerera m'kati mwa ulusi, kotero kuti mutha kuchapa ndi sopo osaopa kanthu.

Njira imeneyi ilibe inki yoyera, ndiye kuti nsalu imayamba ili yoyera ndipo malemba oyera pa mphasa yakuda amakhala malo amene sitinapakepo inki. Malemba aang'ono otere amatuluka osalongosoka m'mphepete. Koma chifukwa chachikulu si chimenecho. Timphete ta labala tambiri n'takuda, mabawuti a mfuti zanuzo ndi akudanso, ndiye pa mphasa yakuda mudzakhala mwangosamutsa vuto kuchoka pansi kubwera pa tebulo. Sankhani mtundu wotuwa pang'ono, wosayera mbee chifukwa mafuta amathimbiriritsa, ndipo chizindikiro chanu chikhale chaching'ono pa ngodya.

Za kukula, funsani kaye makina amene wosindikizayo ali nawo. Ambiri otenthetsera zithunzi pa matisheti ndi a masentimita 38 mbali zonse, okulirapo ndi a masentimita 40 kwa 60. Mphasa ya mita imodzi adzaikanikiza kawiri kapena katatu, ndipo polumikizira pamaoneka mzere. Fayilo yanu ikhale ya PDF, yojambulidwa pa kukula kwenikweni, musiye mamilimita 5 owonjezera m'mbali odzadulira, ndipo m'munsi mujambule rula ya masentimita 10. Mphasa ikatuluka muike rula yeniyeni pamenepo, chifukwa nsalu ikatenthedwa imatha kufupika pang'ono. Ngati siikugwirizana, zithunzi zonse za kukula kwa ziwalo zalakwikanso.

Mmisiri wa pa Lizulu

Mayi osindikizawa anena zoona pa za nsalu, sindiwonjezerapo. Ine nkhawa yanga ili pa chithunzi cha m'bukucho. Chithunzi chija chimathandiza munthu amene akuitanitsa chiwalo, chifukwa chili ndi manambala, koma sichiphunzitsa mnyamata chomwe ayambe kumasula. Mfuti ya 98 imatseguka pakati kukhala mbali ziwiri, ndipo tiziwalo ta m'kati timangokhala pa mbali imodzi popanda chotigwira. Munthu akaitsegula mothamanga, sipuling'i yaikulu ya kumbuyo imakankha chotsekera chake ndipo tisipuling'i ta pa chowombera timadumpha. Choncho pakati pa mphasapo mujambule mbali imodzi ya mfutiyo pa kukula kwake kwenikweni, kuti mnyamata aziigoneka pomwepo, nthawi zonse kuyang'ana mbali imodzimodzi. Mukachotsa paipi yake ya kutsogolo, imakwana bwino pa masentimita 60 amene mayi atchula.

Pamwamba pake muike timabokosi ta manambala motsatira dongosolo lomasulira: thanki ya mpweya, chosungira timipira, paipi, mabawuti, chotsekera cha kumbuyo ndi sipuling'i yake, kenaka zitsulo ziwiri zoyenda za m'kati mwa mfutimo pamodzi ndi kandodo kozilumikiza. Pomanga ayambire ku bokosi lomaliza kubwerera m'mbuyo. Bokosi likatsala ndi kanthu pamene mfuti yatsekedwa kale, aliyense wodutsa aona kuti ntchito siinathe, ndipo inu simufunika kukhala pomwepo kuwalondera. Mabawuti ake si ofanana kutalika, ndiye lililonse mulijambulire malo ake.

Pali malemba atatu amene ndingakonde akhale akuluakulu, ndipo akhale m'Chichewa. Oyamba: chotsani thanki ndi kutulutsa mpweya wotsalira musanagwire bawuti lililonse. Achiwiri: musagwiritse ntchito oyilo wa injini kapena WD-40, koma mafuta opangidwira mfuti za paintball, chifukwa mafuta enawo amawononga timphete ndipo mpweya umayamba kudontha. Achitatu ndi a tsogolo, mukadzasiya CO2 n'kuyamba matanki a mpweya wopanikizidwa a 3000 psi: pa kamwa kothirira mpweya m'thanki pasafike mafuta a mtundu uliwonse, chifukwa mafuta ndi mpweya wopanikizidwa chotero zimatha kuyatsa moto.

Mulembeponso kuti ma Allen key ake ndi a mainchi, 1/8 ndi 3/16, popeza mfutizi ndi za ku America. Amene amagulitsidwa m'mahadiweya athu ambiri ndi a mamilimita, ndipo wa mamilimita 3 amalowa ndithu m'bawuti la 1/8 koma amakhala wokhwepa pang'ono. Mnyamata wamphamvu akakanikiza, mutu wa bawuti umasalala m'kati, ndipo kulichotsa pamenepo ndi ntchito ya tsiku lathunthu.

Za timphete, musajambule mitundu yonse yomwe ilipo pa dziko, koma tokhato tomwe mfuti yanu imagwiritsa ntchito, makamaka ka pa thanki ka nambala 015 komwe m'kati mwake ndi mamilimita 14, chifukwa n'komwe kamatha msanga. Kamphete kakale kamatupa, ndiye poyerekeza ndi chithunzicho aziikapo katsopano.

Wa ku Bembeke

Zikomo kwambiri nonse awiri, mtundu wakuda ndausiya. Bambo a ku Lizulu, kodi ndi bwino kulembaponso za liwiro la timipira? M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno m'mawa mfuti zimakhala zofooka, anyamata amazikweza mphamvu, koma pofika masana alendo amadandaula kuti zikupweteka kwambiri.

Mmisiri wa pa Lizulu

Lembanipo ndithu. CO2 imakhala ya madzi m'thankimo, ndipo mphamvu yake imatsika kukazizira n'kukwera kukatentha, choncho mfuti yomwe mwaichuna m'chisanu cha ku Dedza dzuwa lisanakwere imadzakhala yopyola muyeso masana. Malire odziwika pa masewerawa ndi mafiti 300 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi mamita 90, ndipo mabwalo ambiri amaimira pa 280. Mulembe nambala ya bwalo lanu pafupi ndi chithunzi cha bawuti lochunira liwiro, ndi mawu akuti liyesedwe ndi makina oyezera liwiro otchedwa chronograph m'mawa ndi masana.

Telala wa pa Dedza

Ndingoonjezera pang'ono. Chithunzi cha m'buku chija chili ndi eni ake, ndiye m'malo mochikopera, yalani ziwalo zanu pa pepala loyera, muzijambule ndi foni kuchokera pamwamba rula ili pambali, ndipo wojambula pa kompyuta atsatire m'mphepete mwake. Musanalipire nsalu, sindikizani pa mapepala wamba olumikiza ndi selotepi, anyamata agwirirepo ntchito Lolemba ziwiri kapena zitatu, muone pamene zigongono zawo zikuphimba malemba. Mphasa yeniyeni ikatuluka, mubwere nayo kwa telala aliyense wa makina a ovaloku aisokere m'mphepete, chifukwa nsalu imayambira pa ngodya kumatuka pa labala. Pa ngodya ya kumanja asokereponso kathumba koikamo maginito a sipika yakale kuti azigwira mabawuti ndi tisipuling'i, koma timphete ta labala muziika m'chivundikiro cha botolo, popeza maginito satigwira.