Kodi ma part time olipira amathandizadi ofuna udokotala?

Mayi wa ku Bangula:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ali folomu 4, mtima wake wonse uli pa udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija ku Blantyre. Ndiye kuli aphunzitsi ena akuti azimuphunzitsa Biology, Chemistry ndi Physics madzulo koma ndalama yake eee mpaka ndigulitse mbuzi ziwiri. Zimathandizadi izi kapena ndingotaya mbuzi zanga?

Wa ku Nchalo:
Mayi musathamange. Ine ndinalipirapo kwinakwake, tinali anthu pafupifupi 60 mkalasi imodzi yamalata, kutentha kwa Okutobala kuja thukuta kamukamu, aphunzitsi akungolembetsa manotsi omwe tinali nawo kale. Chinandithandiza ndi ma past paper a MANEB, tinkakhala anayi pansi pa mtengo wa nimu kuwerengera nthawi ngati mayeso enieni.

Mphunzitsi, Ngabu:
Amayi, pa MSCE amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino ndipo mapointi akachepa mpamene mwayi umakula, ku udokotala mpikisano ndi woopsa. Ndiye funsani kaye, pasukulu pake labu ilipo? Ngati sanagwirepo zipangizo za mu labu monga burette kapena microscope, lipirani pamenepo basi, wina amuonetse ma practical monga titration (kuyeza mphamvu ya mankhwala powadonthezera mwa ena) ndi manja ake. Zinazo atha kuwerenga yekha. English ndi Masamu asazitaye chonde.

Mayi wa ku Bangula:
Labu ilipo koma mankhwala ake anatha kalekale. Zikomo aphunzitsi, ndigulitsa mbuzi imodzi yolipirira ma practical, mawa ndikawafunsa ngati zipangizo ali nazo.