Kompyuta yakale ya $190 iyi ndigule kapena ndiisiye?

Bambo a Takondwa:
Moni a Malawi anzanga a muno mu Harare. Odziwa za makompyuta ndithandizeni. Mwana wanga wa Form 3 wandilirira chaka chonse kuti ndimugulire kompyuta ya magemu. Amachoka kuno ku Kuwadzana kupita kwa mnzake ku Warren Park kukasewera mpaka mdima, ndiye mayi ake mtima sukhala m'malo. Ndapeza ina m'tauni cha ku Copacabana, mnyamata akuti $190, ya USD basi, ndalama ya kuno ya ZiG sakuifuna. Wandilembera pa WhatsApp kuti ndi Dell OptiPlex 9020, Core i5-4570, RAM 8GB, hard drive 500GB, graphics card GTX 1050 Ti. Monitor palibe. Akuti imasewera chilichonse. Ine manambalawa sindikutolapo kanthu. Mwanayo akufuna magemu a FC 25 (ya mpira) ndi GTA V. Ndalamayi ndi ya chipereganyu abale, sindikufuna kuiponya m'madzi.

Achimwene a ku Mufakose:
Madala, mawu oti "chilichonse" amenewo achotseni kaye. Makina amenewa anali a m'maofesi, ndipo purosesayo ndi ya 2013. GTA V ija ya 2015 iyenda bwinobwino, mwana asangalala. Koma FC 25 eni ake, kampani ya EA, analemba kuti pochepetsetsa imafuna i5-6600K, GTX 1050 Ti ndi malo okwana 100GB. Ndiye kuti graphics card ija, khadi yoyendetsa zithunzi za gemu, yangokwanira pamzere, purosesa ili pansi pa mzere. Itha kutseguka, koma izidodoma pomwe mwana akufuna kugoletsa, adzabweranso kwa inu akulira.

Mayi a Chisomo:
Ine zanga ndi za magetsi basi. Mmene akuthimirathimira kuno, ikani pambali ndalama ya UPS, kabokosi ka batire koteteza kompyuta magetsi akathima. Kompyuta yathu inapsa magetsi atabwera mwamphamvu usiku, tinangomva fungo.

Wokonza makompyuta wa ku Highfield:
Akulu, ntchito yanga ndi imeneyi, ndiye mundimvetsere. Pa $190 paja ndalama yambiri ili pa khadiyo, bokosilo palokha ndi lotchipa. Ndipo ma 1050 Ti abodza ndi ambiri. Amatenga khadi yakalekale ngati GTS 450, n'kuisintha kuti pa Windows izioneka dzina la 1050 Ti. Mukaitsegula zonse zimaoneka bwino, koma gemu ikangolemera imazima.

Poyamba yang'anani kumbuyo. 1050 Ti yeniyeni ilibe pobayira waya wa monitor wa VGA, paja pabuluu pa timabowo 15. Musasokoneze ndi VGA ya bokosilo yomwe ili m'mwamba pafupi ndi ma USB, imeneyo ndi yake. Ndikunena pa khadi penipeni, m'munsi. Ikakhala nayo, tembenukani muzipita.

Kenako mwanayo aike GPU-Z pa flash, ndi pulogalamu yaulere yoyezera khadi, nthawi zambiri khadi yotereyi imailemba FAKE poyera. Aikenso CrystalDiskInfo kuti muone ngati hard drive yatopa. Muuzeni wogulitsayo ayatse gemu kwa mphindi 20 inu muli pompo, mumve ngati fani ikulira ngati chigayo. Akakana kuti "magetsi kulibe", musapereke ngakhale dola imodzi.

Funsaninso ngati bokosilo ndi lalikulu kapena lopyapyala lija. Lopyapyala power supply yake, kabokosi kogawa magetsi mkatimo, ndi 255W, lalikulu 290W, ndipo waya wake ndi wa Dell yekha, simungangogula ina iliyonse n'kuikamo. 1050 Ti imadya 75W yokha ndiye zimatheka, koma maloto odzaikamo khadi yaikulu mawa muiwale.

Achimwene a ku Mufakose:
Ndionjezere: Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imayambira pa purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 (8th gen). Iyi ndi ya 4th. Muzinenerera mtengo ndi mfundo imeneyo.

Malume Phiri:
Mwana wa Form 3 magemu achani? Mugulireni mabuku, O Level ili pakhomo.

Bambo a Takondwa:
Malume mwanena zoona, koma bola azisewera pakhomo ndikumuona kusiyana ndi kumayenda usiku.

Bambo a Takondwa:
Abale ndabwerako. Tinakwera kombi m'mawa ndi mwanayo, flash ili m'thumba. Sitinafike n'komwe pa GPU-Z. Takondwa anangotembenuza bokosi n'kundilozera pabuluu paja, pa khadi penipeni. Mnyamatayo akuti nayenso anaigula choncho, sankadziwa. Kaya. Ndiye akuti atha kuchotsa khadiyo n'kundipatsa bokosi lokha pa $90, ndi lalikulu lija. A ku Highfield, pamenepa mukuti bwanji?

Wokonza makompyuta wa ku Highfield:
Yambirani pa $70, ndipo hard drive muiyeze ndithu musanalipire. Ndalama yotsalayo mugule SSD, hard drive yothamanga ija, ndi imene imadzutsa makina akalewa, khadi tidzafunafuna limodzi yoti tiiyese tisanagule. Koma Takondwa mumuuziretu lero kuti za FC 25 adikire kaye, ayambe ndi GTA V.