Ngale za ku Tahiti zikuoneka zobiriwira, kodi n'zenizeni?

Wokonda_mikanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndagula ndolo za ngale za ku Tahiti, amati n'zakuda, koma padzuwa zikuoneka zotuwa, mwina mobiriwira. Andipusitsa?

Wosula_ndolo: Ayi mayi, musadandaule. Ngale imakhala ndi mtundu wake weniweni, kenako kamtundu kena koyandama pamwamba, kooneka mukamaitembenuza. Za ku Tahiti zimachokera mu nkhono ya milomo yakuda, ndipo zambiri n'zotuwa modera. Kubiriwira kosakanikirana ndi pinki kuja ndiye kumene anthu amakulimbirana. Ine ndimakayikira kwambiri ngale yakuda bii ngati khala, yopanda kamtundu kalikonse.

Agogo_aakazi: Zoona. Ngale za ku Japan zotchedwa Akoya nazo zimakhala zoyera kapena zakirimu, zabwino zake zili ndi kapinki pamwamba. Zamtundu wagolide zimachokera ku Philippines ndi Indonesia.

Wosula_ndolo: Kuwonjezera apo, ziikeni pansalu yoyera pafupi ndi windo, osati pansi pa babu. Ngati zili ndi kabowo koonekera, suzumiranimo ndi galasi lokuzira zinthu. Ngati ngalezo anazipaka utoto, utotowo umaunjikana m'mphepete mwa kabowoko.

Wokonda_mikanda: Zikomo bambo, kabowo kabisika ndi kachitsulo. Ndipita nazo kwa wodziwa akazione.